Likhweru la M'chifuwa cha a Ketulo

Woyamba kundiuza nkhaniyi anali mkulu wina wokonza maambulera. Mvula inanditsekereza pakhonde pake ndili paulendo, ndipo ataona kuti siikata msanga, anandikankhira kampando ndi phazi n'kuyamba kulankhula, manja ali pa mawaya. Anati zinachitikira anzake a pakhonde lomwelo, khomo lachitatu kuchokera pomwe tinakhalapo, ndipo zambiri anazimva kwa mayi wa pakhomopo mwiniwake, amene sabisira aliyense wokhala ndi makutu.

Pakhomo lachitatulo panali telala ndi akazi awo. Bambowo ankadula ndi kusoka, mayiwo ankasita, kupinda ndi kusesa, moti mayiwo amumsewu onse ankangowatcha a Simbi. Bambowo kale ankangodziwika kuti a Telala. Dzina loti a Ketulo analipeza atakula kale, chifukwa cha kalikhweru kamene kanayamba kumveka m'chifuwa mwawo. Akakoka mpweya, fwii, akatulutsa, fwii, ngati madzi afika pobwata. Anayambitsa dzinalo ndi a Simbi omwewo, ndipo sanaliyambitse mwachikondi ayi. Panali chakukhosi.

Chakukhosicho chinali batani. Zaka zitatu m'mbuyomo, loya wina anabwera ndi malaya akale a malemu bambo ake, okhala ndi mabatani asanu ndi awiri a chigoba cha nkhono, ang'onoang'ono, onyezimira ngati diso la nsomba. Ankafuna kuti awasamutsire pa malaya atsopano. A Telala anawamasula bwinobwino n'kuyamba kusoka monga mwa nthawi zonse, singano kudzanja, zina zonse kukamwa. Pakamwa pawo paja panali ngati dirowa: mapini mbali iyi, mabatani mbali iyo, ndudu pakati. Anasoka limodzi, awiri, mpaka asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri, zii. Anakutumula nsalu, anapendeketsa makina, anakhuthula madirowa, koma ayi ndithu. A Loya anatenga malaya awo nkhope ili gwa, osabweranso, ndipo anzawo ovala masuti aja nawonso anasiya kuponda pakhondepo.

Mlandu unagwera tsache.

"Mwasesa ndinu, mayi. Inu mumasesa ngati mukuthamangitsa njoka."

A Simbi anakafukula mgolo wa zinyalala ndi manja awo, anthu akuonerera, n'kusefa fumbi lonse pa sefa ya kukhitchini. Batani osaoneka. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chikasowa, kaya sizasi, kaya choko, kaya magalasi amene ali pamphumi pa mwiniwake, mawu anali omwewo: funsani tsache la amayi anu.

Chifuwa nacho chinayamba cha m'nyengo yomweyo, koma palibe anachilabadira, poti bambowo anayamba kusuta asanamere ndevu. Chikabwera ankamwa mapiritsi, n'kupita, n'kubweranso, nthawi zonse mbali ya kumanja. Anawayeza TB kawiri konse, osaipeza. Chaka chachitatu a Simbi, posita thalauza la amuna awo, anaona msoko watsopano m'chiuno. Anatenga lina, chimodzimodzi. Munthu uja ankawonda, n'kumabweza mathalauza ake mwakabisira. Patangopita masiku, posesa pansi pa makina, anapeza kansalu kokulungidwa, mkati muli madontho a magazi.

Sanafunse mwiniwake. Anaimbira foni mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, amene m'banja lonselo ndi yekhayo ankatha kulamula bambo ake. M'mawa mwake a Ketulo anali pa mzere kuchipatala, akung'ung'udza kuti asiya diresi la munthu lilibe zipi.

Ekisire inaonetsa chimtambo choyera m'munsi mwa phapo la kumanja. Dokotala, mayi wachitsikana wolankhula mosazungulira, anawerenga ndi zala: msinkhu wawo, fodya, kuwonda, magazi.

"Sindikubisirani, bambo. Ikhoza kukhala khansa ya m'mapapo. Koma ekisire imangotionetsa mthunzi. Mukufunika makina a sikani, aja amati CT, kuti tione mkati mwenimweni. Malo alipo Lachinayi sabata yamawa."

Masiku asanu ndi atatu amenewo a Simbi sadzawaiwala. A Ketulo anabwerera kushopu, namaliza zipi ija, kenako anatsitsa pashelefu nsalu yakuda imene anaisunga zaka zambiri podikira kasitomala woyenera. Anaiyala patebulo, nadziyeza okha chifuwa, chiuno, mkono. Pamsana anakanika.

"Mayi, tandigwirirani tepi apa. Kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno."

"Suti ya ndani?"

"Ya kasitomala wosabweza katundu. Akavala wavala."

A Simbi anaika simbi pansi mwamphamvu mpaka tebulo linanjenjemera. "Tepi imeneyo sindiigwira."

"Ndiye mukufuna akandiveke yogula m'sitolo, mapewa ngati hang'ala? Anthu adzaseka pamaliro."

"Adzaseke. Ine sindiigwira."

Anakawayeza ndi wokonza maambulera uja, ndipo anandiuza kuti anachita kubwereza katatu. Sutiyo inadulidwa, inasokedwa, ndipo Lachitatu madzulo inali italendewera pa msomali kuseri kwa chitseko. A Simbi anakana kuisita. Akamasesa ankaidutsa chammbali ngati galu wolusa. Mumtima ankangoti, munthu uyu wanditukwanitsa zaka zitatu, ndipo ndikufuna apitirize kunditukwanitsa zaka zina makumi awiri.

Lachinayi anafika m'mamawa onse atatu. Chipinda cha sikani chinali kumapeto kwa khonde lalitali, chozizira ngati firiji. Chitseko chitatseguka a Simbi anasuzumira, naona chinthu choyera changati tayala la thirakitala loimiritsidwa, pakati pali bowo, ndi kabedi kopapatiza kolunjika pabowopo. Wojambula anali bambo wamagalasi wosapupuluma. Anatambasula kambale.

"Chilichonse chachitsulo chitsale muno, achikulire."

A Ketulo anaika makiyi ndi wotchi.

"Zatha?"

"Zatha."

Wojambulayo anawagwira kolala nazula pini. Nazula ina. Anapita m'thumba la malaya, ku mkono, ku lamba, mpaka m'kambalemo munali mapini khumi ndi anayi, singano ziwiri ndi lezala.

"Bambo, inu ndinu munthu kapena nungu?"

"Ndine telala, mphwanga. Ndipo amene anasoka chimkanjo mukundivekachi mumuuze andipeze. Msoko wake ukuyenda ngati woledzera."

Chitseko chinatsekedwa, nyali yofiira n'kuyaka pamwamba pake. A Simbi anakhala pabenchi ndi mwana wawo. Mkatimo munayamba kulira chinthu ngati makina ochapira zovala akamathamanga, kenako kunamveka mawu: "Kokani mpweya. Gwirani. Musapume." A Simbi nawo anakoka mpweya nagwira. Anagwirabe mpaka maso anayamba kuchita mdima.

"Amayi, akuuza ababa, osati inu," anatero mwana wawo, akuwagwedeza paphewa.

Sipanathe ndi mphindi khumi zomwe, a Ketulo anatuluka akumanga mabatani, nkhope yowala ngati mwana wotsika pa katungwe.

"Ndiye basi? Kuyeza thalauza kumatenga nthawi kuposa pamenepa. Kabedi kaja kamayenda kokha, mayi. Wandibaya mankhwala pamkono, thupi lonse kutentha, mpaka ndimati ndadzinyowetsa pa ukalamba uno. Ndafunsa, akuti aliyense amamva choncho."

A Simbi sankamvetsera. Chitseko chinali chisanatsekeke bwino, ndipo kuseri kwa galasi anaona wojambula uja ataweramira pa kompyuta. Anakodola mnzake. Mnzakeyo anaweramanso, mitu iwiri n'kugundana, chala chikuloza malo amodzi. Kenako wina anatenga foni. Posakhalitsa wojambula anatuluka nati asapite kunyumba, adokotala awaona lero lomwe, ikamakwana thu koloko.

Anawauza poyamba kuti zotsatira zimatenga masiku atatu. A Simbi anadziwa kuti chinthu chabwino sachithamangira choncho. Anakhala panja pansi pa mtengo, buledi amene anagula osadyeka. A Ketulo okha ndiwo ankalankhula, kulangiza mwana wawo kuti makina aja asadzagulitsidwe kwa munthu wosadziwa kuthira mafuta. Pakati pa mawu aliwonse, fwii, fwii.

Thu koloko itakwana, dokotala anawalowetsa natembenuzira kompyuta kwa iwo.

"Makina aja akudulani m'magawo opyapyala, bambo, kuyambira m'khosi mpaka pamimba, popanda sizasi. Ndikamapukusa kagudumu aka, tikutsika gawo ndi gawo, ngati tikuvundukula nsalu zosanjikiza."

"Ndiye ndi telala mnzanga," anatero a Ketulo.

"Mnzanu ndithu. Chakudachi ndi mpweya, ndiye mapapo anu. Zoyera mbeezi ndi nthiti. Aka ndi kanjira ka mpweya, kamagawikana ngati nthambi za mtengo. Tiyeni titsatire nthambi ya kumanja."

Zithunzi zinayenda. Kabowo kakuda kaja kanatsika, kanagawikana, kanatsikanso, kenako kanatsekeka ndi kamzere koyera kowala kuposa nthiti zomwe.

"Apa ndiye pali nkhani. Njira yatsekeka, ndipo kuseri kwake kwadzaza makhololo ndi mafinya. Chimtambo chija tinaona pa ekisire n'chimenechi. Koma chotsekachi chikutizunguza mutu. Chotupa cha khansa sichiwala chonchi, ndipo m'mbali mwake mumakhala timizu. Ichi n'cholimba ngati fupa, chosalala. Munatsamwidwapo ndi kanthu? Fupa la nsomba? Dzino?"

"Mano anga onse ndikudziwa komwe anapita."

"Ganizani bwino."

"Adokotala, ine ndimatafuna ngati ng'ombe. Funsani amayiwa, amadandaula kuti ndimachedwa patebulo."

Dokotala anapumira m'mwamba. "Tachiyang'ana chammbali. Dikirani ndichitembenuze, tichione kumaso."

Anadina apa ndi apo, chithunzi n'kupendekeka pang'onopang'ono. Kamzere kaja kanayamba kufufuma, kanakhala ngati dzira, kenako kanakhala kozungulira ngati mwezi wathunthu. Pakati pake panali timadontho takuda tinayi, tiwiri pamwamba, tiwiri pansi.

A Simbi anangozindikira ataimirira, kachikwama kagwa pansi.

"Adokotala, imani pomwepo. Musapukusenso."

"Mwaona chiyani, mayi?"

"Makina anuwo amatha kuyeza? Tandiyezereni kukula kwake."

Dokotala anakoka kamzere kuchokera mbali ina kufika ina. "Mamilimita khumi ndi limodzi."

"La malaya," anatero a Simbi. "La chigoba cha nkhono. Mabowo anayi. Anzake asanu ndi limodzi ali pa chifuwa cha loya wina m'tauni muno." Anatembenukira kwa amuna awo pang'onopang'ono, manja ali m'chiuno. "Bambo, tandiuzani pamaso pa adokotala. Tsache langa linalowa bwanji m'chifuwa mwanu?"

A Ketulo anavala magalasi, anawavula, anawapukuta, nawavalanso. Anayandikitsa mphuno pa kompyuta. M'chipindamo munali zii, kupatula kalikhweru kaja, kamene tsopano kankalira mofulumira.

"Mabatani ndi ambiri padziko," anatero potsiriza.

"M'mapapo mwa anthu?"

Mwana wawo ndiye anayamba, kuseka kosakanikirana ndi kulira, nkhope ataibisa m'manja. Dokotala anayesa kudzigwira, analuma mlomo, koma zinakanika. Anatsegula chitseko n'kuitana wojambula uja ndi madokotala ena awiri, ndipo kachipindako kanadzaza makoti oyera, aliyense akufuna kuona yekha. Wojambula anati iye ndi mnzake anakangana m'mawa uja, wina akuti ndi fupa, wina akuti ndi chipsera cha TB yakale chimene chinauma. Za batani palibe anaganizako.

A Simbi anali atayamba kale kukumbukira, ndipo ankafotokozera aliyense wolowa. Tsiku la a Loya lija, njinga yamoto inaphulitsa utsi pakhonde penipeni, phuu, bambowa n'kudzidzimuka. Anatsokomola mpaka misozi, mpaka kugwira tebulo. Atapeza mpweya anati yawatsamwitsa ndi nthunzi ya simbi. "Nthunzi ya simbi yanga, adokotala. Tsache langa, simbi yanga. Ine m'nyumba muja ndine mfiti."

"Ndiye likhweru lija ndi mabowowa," anatero dokotala akupukuta maso. "Mpweya umadutsa mmenemo. Akanakhala kuti palibe, mbali yonseyi ikanafota kalekale."

"Ndiye kuti si khansa?" anafunsa mwana uja. Funso limeneli a Simbi ankaliopa kulitulutsa, ngakhale linali pakhosi.

Dokotala anakhala pansi, nkhope n'kubwerera pantchito. Anati chithunzi chimaloza, koma sichilumbira. Batani alichotsa ndi kachubu kokhala ndi nyali ndi kamera, kolowera pakamwa, munthu atagonekedwa. Pochotsapo atsinako kamnofu kozungulira malowo kuti akayeze, chifukwa nthawi zina kuseri kwa chotseka kumabisala china. Kenako anapukusanso kagudumu kupita ku phapo la kumanzere, naloza kadontho kotuwa, kochepa ngati mutu wa pini.

"Aka ekisire sikanakaona. Mwina si kanthu, anthu ambiri ali nato timadontho totere. Koma kwa munthu wosuta sitikasiya. Muzibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse tizikayeza. Kakangoyamba kukula, tikachotsa kadakali kakhanda. Ndipo fodya, bambo, watha lero."

"Watha," anayankha a Simbi, amuna awo asanatsegule pakamwa. "Ndi mapini omwe. Pakamwa apo pazingolowa chakudya."

Lolemba lotsatira analichotsa. Namwino anatulukira ndi kabotolo, mkati muli batani lachikasu, lokutidwa ndi zonyansa, koma lathunthu. A Simbi analipempha. Anati ndi umboni. A Ketulo atadzuka anagona chagada akumvetsera, kenako anagwira dzanja la akazi awo mwamantha.

"Mayi, ndikupuma kodi? Sindikumva kanthu."

"Mukupuma. Ketulo yaphulidwa pamoto."

Zotsatira za kamnofu zinatenga masiku khumi, ndipo masiku amenewo a Simbi sanatchulenso za tsache. Suti ija inali ikadali pa msomali. Tsiku la khumi mwana wawo anabwera pakhonde akuthamanga, nsapato zili kumanja, pepala lili m'mwamba, ndipo asanafike pakhomo lachitatu msewu wonse unali utamva kuti khansa mulibe. A Simbi anangokhala pansi pa simenti, miyendo tambalale, n'kulira kulira kumene anakusunga mwezi wathunthu. Atamaliza anadzuka, anayatsa simbi, natsitsa suti ija.

"Valani. Tikupita kwa a Loya."

Anapitadi, bambo ali mu suti yawo ya kumanda ija, mayi atanyamula batani lotsukidwa m'kampango. Mayiwo anafotokoza zonse muofesimo, kalaliki akumvetsera kukamwa kuli yasa. A Loya akuti anaseka mpaka kutsamira khoma, napepesa kwa mayiwo, koma atamva komwe batanilo linagona zaka zitatu anabweza dzanja. Anati malemu bambo awo amvetsa. Sabata yotsatira anatumiza masuti awiri oti abwezedwe m'chiuno.

Batanilo lili pa epuloni ya a Simbi, pachifuwa penipeni, pomwe palibe bowo loti limangepo. Anasokerera ndi a Ketulo, atalamulidwa, milomo itatsekedwa. Ku sikani amapitabe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo bambowo amati akupita kwa telala mnzawo kukayezedwa. Kadontho kaja, mmene ndinkamva nkhaniyi, kanali kasanasunthe.

Mvula itakata, wokonza maambulera anandilozera ndi chibwano. Pakhomo lachitatu panali bambo wonenepa bwino akusesa madzi pakhonde, ndipo mkati munali mayi akusita, akumulangiza kuti wasiya pakona.

Za batanilo sindikayika, poti ndinaliona ndi maso anga, mabowo anayi. Za makina aja sindikayikanso, ndakumana ndi anthu ena amene analowamo. Chimene ine sindikhulupirira n'choti a Ketulo sankadziwa. Telala amene wasoka zaka makumi anayi amadziwa chimene waika pakamwa. Ndikuganiza kuti anamva likutsika tsiku lomwelo, nayesa kuti lapita m'mimba ndipo lituluka lokha, ndiye poona nkhope ya a Loya anasowa poyambira, naloza tsache. Wokonza maambulera anati ayi, munthuyo sanadziwe. Ine ndikukayikabe.